Mmene Nthano za ku Germany Zinapezera Zithunzi

Buku la nthano la Jacob ndi Wilhelm Grimm litatuluka koyamba mu 1812, linalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Abale awiriwa, omwe ankakhala ku Kassel, anali anthu ozama pa maphunziro, ndipo bukulo analidzaza ndi ndemanga zothandiza ofufuza. Silinayende malonda.

Amene anabweretsa zithunzi anali mng'ono wawo, Ludwig Emil Grimm, katswiri wodinda zithunzi pogwiritsa ntchito chitsulo cha mkuwa. Ntchitoyi ndi yofuna kudekha. Mmisiri amapaka phula pamkuwa, n'kujambula ndi singano, kenako amaviika mkuwawo mu asidi kuti adye m'mizere momwe singano yadutsa. Akatero amapaka inki, n'kupsinja pepala lonyowa pamwamba pake.

Bukuli litasindikizidwanso mu 1819, munalowa nkhope ya Dorothea Viehmann, mkazi wa telala wa m'mudzi wa Niederzwehren, yemwe anawasimbira abalewa nthano zambiri. Ludwig Emil anawajambula mayiwa asanamwalire mu 1815.

Mu 1823 nthanozi zinatuluka m'Chingerezi ku London zili ndi zithunzi za George Cruikshank, ndipo anthu anazikonda kwabasi. Ataona zimenezi, a Grimm anatulutsa kabuku ka nthano 50 mu 1825, kokhala ndi zithunzi 7 za mng'ono wawo uja. Kabuku kameneka ndi komwe kanalowa m'makomo.

Komabe kudinda ndi mkuwa kunali kodula. Thabwa ndi lomwe linatsitsa mtengo, chifukwa chithunzi chogobedwa pathabwa chinkadindidwa limodzi ndi zilembo. Kuyambira mu 1848, kampani ya Braun & Schneider ya ku Munich inkagulitsa zithunzi pepala limodzilimodzi, pamtengo woti banja wamba n'kukwanitsa. Moritz von Schwind anajambulamo nthano ya mphaka wovala nsapato zazitali. Ku Dresden, Ludwig Richter anajambula zithunzi 174 za buku la nthano la Ludwig Bechstein la mu 1853, amisiri ena n'kuzigoba pamatabwa. Ana a ku Germany anakula akuona nkhalango, afiti ndi timidzi monga anazijambulira Richter.

Nthanozi zinayambira pakamwa, ndipo ambiri mwa amene ankazisimba anapita osasiya dzina. Koma Mayi Viehmann nkhope yawo tikuionabe, atavala kachipewa kawo, patatha zaka zoposa 200, chifukwa mnyamata wina waluso anaganiza zoti wosimba nthano nayenso ayenera kujambulidwa.