Pepakura

Mawu akuti pepakura anachokera ku Japan. Ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza luso lopanga zinthu ndi mapepala, malinga ndi momwe Ajapani amawatchulira. Iwo amakonda kudula mawu obwereka akatalika. Koma pakati pa anthu opanga zovala zankhondo zotsanzira za m'mafilimu ndi m'masewero a pakompyuta, monga za Iron Man kapena za asilikali a mu Halo, mawuwa amanena za njira imodzi yeniyeni. Dzinali linafala chifukwa cha pulogalamu ya Pepakura Designer, yopangidwa ndi kampani ya Tama Software.

Pulogalamuyi imatenga chisoti chojambulidwa mbali zonse pakompyuta n'kuchiphwasula kukhala tizidutswa tosindikizika pa pepala lokhuthala. Munthu amadula kamodzikamodzi. M'mphepete mwa kachidutswa kalikonse muli nambala, ndipo mbali ziwiri za nambala yofanana ndi zomwe zimamatidwa pamodzi. Mizere ina ndi yopindira mkati, ina kunja. Ukasokoneza apa, chibwano cha chisoti chimalowa mkati m'malo motulukira kunja.

Chotulukapo sichilimba, chala chokha chingachiphwanye. Choncho amachipaka resin, amamata fiberglass mkati, kunja n'kupaka phala lomwe okonza galimoto amatsekera nalo mopindika, kenako kupala ndi sandipepa mpaka kusalala, penti pamapeto. Ntchito yotopetsa kwambiri ndi yopalayi.

Wofuna kuyesa ayambe wayeza mutu wake asanasindikize, ndipo resin azipakira panja atavala chotchinga pamphuno.