Mbiri ya Feira, Mudzi wa Msika

Pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi pali mudzi umene lero uchedwa Luangwa, koma akulu audziwabe ndi dzina lace lakale la Feira. Dzinali ndi la Cipwitikizi, ndipo tanthauzo lace ndilo msika. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique, ndipo mbiri ya midzi iwiriyi ndi imodzi. Mbiriyo ionetsa kuti msika ukhala ndi moyo malinga njira ya aulendo ipitapo, ndiponso malinga alendo akhala bwino ndi eni dziko.

Ciyambi ca msikawu cinali kutali. M'caka ca 1693 mfumu Changamire ya Arozvi inapitikitsa Apwitikizi m'misika yao ya m'dziko la golidi, kumwera kwa Zambezi. Posafuna kutaya malondawo, iwo anafunafuna khomo lina, ndipo ca m'ma 1720 munthu wocokera ku Goa, dzina lace Pereira, anakhazika malo a malonda pa Zumbo. Popeza Azungu sanaloledwe kulowa m'dziko la Arozvi, anali kutuma anthu akuda, ochedwa vashambadzi, amene anasenza nsaru ndi mikanda, nabwera ndi golidi. Kucokera kumpoto kunali kudza minyanga ya njobvu ndi mkuwa. Katundu wa ku Tete anadutsa pamtunda pa mitu ya amtengatenga, cifukwa ca mathithi a Cahora Bassa, ndipo atafika pa madzi odekha anakwera m'mabwato. Motero msika unakula, ndipo amalonda ena anamanga nyumba za miyala kutsidya lino, pa Feira.

Koma alendowo anali m'dziko la eni ace, ndipo sanakhale nao bwino nthawi zonse. Panabuka mikangano ndi mfumu Mburuma ya Ansenga, golidi anacepa, cilala cinagwa, ndipo njira zinayamba kuopsa. M'mwezi wa November 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linada masana. Ca m'ma 1836 amalonda anacoka. David Livingstone atafika pa mathiriro a Luangwa mu January 1856, anapeza mabwinja okha: makoma a nyumba ya mapemphero, ndi belu losweka liri gone pansi.

Apwitikizi anabweranso ku Zumbo m'caka ca 1862, koma tsono mphamvu inali m'manja mwa atsogoleri a Acikunda, monga Kanyemba ndi Matakenya, amene anali ndi ankhondo ambiri a mfuti. Iwowa anasaka njobvu, nasakanso anthu. Midzi ya Ansenga ndi ya mitundu ina inatenthedwa, ndipo amuna, akazi ndi ana anamangidwa m'magoli natsikira kunsi kwa Zambezi. Msika umene unakula ndi nsaru ndi mikanda unayamba kudya anthu omwe anayenera kudzagulamo.

Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linagawa dziko, ndipo kunsi kwa Luangwa kunasanduka malire, kotero kuti Feira ndi Zumbo anakhala m'maiko awiri. Kampani ya British South Africa inakhazika boma pa Feira, ndipo mudziwo unaukanso, pakuti unali doko la anthu opita kukafuna nchito ku Southern Rhodesia, ndi la ng'ombe zopita kumwera. Koma m'caka ca 1905 ulalo wa njanji unatha kumangidwa pa Victoria Falls, ndipo katundu wambiri anatsata njanjiyo. Pambuyo pace mseu waukuru wa kum'mawa, wocokera ku Lusaka kunka ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, unaoloka Luangwa pa mtunda wa mamailosi oposa 50 kumpoto kwa Feira. Palibe nkhondo imene inaononga mudziwo nthawi iyi. Njira yokha ndiyo inaulambalala.

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, dzina la Feira linadzasinthidwa kukhala Luangwa, ndipo mudziwo ndi boma kufikira lero. Golidi ndi minyanga zinatha, ndipo malonda a anthu anatheratu. Cuma cace tsopano ndi nsomba. Asodzi aziumika pa moto ndi pa dzuwa, amalonda nazikweza pa magalimoto kunka nazo ku ulalo wa Luangwa, kumene aulendo a ku Lusaka ndi a ku Chipata azigula m'mbali mwa mseu. Mabwato aolokabe kunka ku Zumbo ndi katundu wa m'masitolo, monga anacitira ndi nsaru zaka 300 zapitazo. Akulu anati madzi saiwala khwawa.