Kuthamanga Sikufika: Mbiri ya WiMAX

Ife amene tidalowa ntchito m'maofesi a boma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tikukumbukira momwe intaneti idalili yosowa. Inkadzera m'waya wa telefoni, ndipo kumene waya sadafike, nayonso siinkafika. Vutoli silidali la kwathu kokha. Ngakhale m'mayiko olemera, kukumba ngalande ndi kuyala waya mpaka pakhomo la aliyense kunkadya ndalama zankhaninkhani. Choncho akatswiri adayamba kufuna njira yoti intaneti iziyenda mumlengalenga monga amachitira mawu a wailesi.

M'chaka cha 2001, bungwe la mainjiniya la IEEE lidavomereza ndondomeko yotchedwa 802.16, ndipo chaka chomwecho makampani adakhazikitsa WiMAX Forum kuti zipangizo zawo zizimvana. Pamene Wi-Fi imathera m'nyumba kapena pabwalo, nsanja imodzi ya WiMAX inkafikira anthu pamtunda wa makilomita angapo. Poyamba idali ya m'nyumba ndi m'maofesi, koma mu 2005 mudatuluka 802.16e, yolola munthu kukhala pa intaneti ali paulendo, akuchoka pansi pa nsanja ina kulowa pansi pa inzake.

Phindu lake lidaoneka msanga. Madzi a tsunami atasesa chigawo cha Aceh ku Indonesia mu Disembala 2004, WiMAX idathandiza kubwezeretsa kulumikizana kumene mawaya adaonongeka. Ku South Korea, makampani a KT ndi SK Telecom adayamba kuigulitsa mu 2006 m'dzina la WiBro. Ku America, Sprint idaitsegula mumzinda wa Baltimore mu 2008, Intel nayo n'kumaika m'makompyuta a m'manja tizipangizo toigwirira. Panthawiyo zinkaoneka ngati mpikisano watha.

Koma akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Mu Disembala 2009, TeliaSonera idatsegula LTE ku Stockholm ndi Oslo. LTE idabwera mochedwa, koma idali ya m'banja la GSM ndi 3G, limene makampani ambiri a mafoni adali kale m'menemo. Iwowa adali ndi nsanja, ziphaso ndi makasitomala, tsono kupita ku LTE kudali ngati kuwonjezera chipinda panyumba yakale, osati kumanga ina pabwinja. Opanga mafoni adatsata kumene kudali gulu, mitengo ya zipangizo za LTE n'kutsika. Yota ya ku Russia idalengeza mu 2010 kuti ikusamukira ku LTE. Sprint idazimitsa WiMAX mu 2016, ndipo WiBro idatsekedwa kumapeto kwa 2018.

Sikuti WiMAX idali yachabe. Njira yogawira mafunde kwa anthu ambiri nthawi imodzi, ya OFDMA, idayamba kufalikira ndi iyo, ndipo LTE imaigwiritsanso ntchito. Ndondomeko ya AeroMACS, yolumikizira ndege ndi antchito pabwalo la ndege, idamangidwa pa 802.16e. Idagonja chifukwa anzake oyenda nawo adachepa.

Nkhaniyi ikutikhudza ife amene timakhala m'makomiti ogula katundu ndi ndalama za msonkho. Wogulitsa akationetsa makina atsopano, timakonda kufunsa za liwiro ndi mtengo. Tizifunsanso kuti ndi angati ena akuwagula, nanga pakatha zaka khumi adzawakonza ndani. Dziko lolemera likalakwitsa limataya n'kugula ena. Ife timatsala ndi nsanja yochita dzimbiri padenga, ngongole yake tikubwezabe.