Nkhomo 64 m'maenje 32: mbiri ya bawo kunyanja

Thabwa la bawo lili ndi mizere inayi, uliwonse wa maenje asanu ndi atatu. Maenje onse ndi 32, nkhomo 64. Pamasewerawa palibe kuchita maere kapena kudalira mwayi. Amene wadyedwa, wadyedwa chifukwa mnzake wamuposa kuwerengera.

Bawo wotchuka ku Mangochi anabwera ndi malonda. M'zaka za m'ma 1800, amalonda achiyao ankayenda pansi kuchokera kunyanja kukafika ku Kilwa, m'mphepete mwa nyanja ya mchere, atasenza minyanga ya njovu, nthawi zambiri akukusanso akapolo. Pobwerera ankatenga nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Midzi ya mafumu monga Mponda, pafupi ndi pomwe Shire amatulukira m'nyanja, ndi Makanjira, kutsidya la kum'mawa, inakula ndi malonda amenewa. Njira yomweyo ndiyo inabweretsa Chisilamu, ndipo mawu ngati mtaji, takata ndi kuu, amene amamveka pathabwa mpaka lero, ndi achiswahili. Sikuti anthu akuno ankadikira alendo kuti adziwe masewera a maenje. Nsolo ndi ntchuwa zinalipo kale, zokumba pansi. Chomwe chinachokera kugombe ndi malamulo olimba kwambiri a bawo.

Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, atakhazikitsa linga la Fort Johnston m'derali mu 1891, malonda a akapolo anayamba kutha, koma thabwa linatsala. Mu 1913 dokotala wa boma la atsamunda, Meredith Sanderson, yemwenso analemba galamala ya Chiyao, anasindikiza malamulo a mitundu ingapo ya masewerawa monga anawaonera ku Nyasaland.

Katswiri wa bawo amaoneka asanagwire nkhomo. Maso amayenda dzenje ndi dzenje, milomo ikugwedera pang'ono, chala chikuloza m'malere. Akudziwa kuti nkhomo yomaliza ikagwera m'dzenje momwe muli zina, atola zonsezo n'kupitiriza, kapena adya za mnzake zoyang'anizana nazo. Ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, wagona. Tsono nkhomo iliyonse imene waponya ikusintha chiwerengero cha dzenje lomwe adzalipezenso akazungulira, ndipo zonsezi ayenera kuzisunga m'mutu. N'zomvetsa chisoni kuti munthu wotereyu, kungoti sanapite patali ndi sukulu, amanenedwa kuti sadziwa masamu.

Alex de Voogt, wofufuza wa ku Netherlands, anakhala ndi akatswiri a ku Zanzibar, ndipo mu 1995 anatulutsa buku lofufuza pamene nzeru za munthu zimalekezera powerengera bawo. Kenaka mu 2006, iye pamodzi ndi Tom Kronenburg ndi Jeroen Donkers anasonyeza, mothandizidwa ndi kompyuta, kuti pali kakhalidwe kena ka nkhomo pathabwa komwe munthu akayamba kutakata, kutanthauza kuponya nkhomo osadya za mnzake, sangagone mpaka kalekale. Nkhomo yomaliza imangogwera momwe muli zinzake. Popeza maenje ndi owerengeka ndipo nkhomo ndi zomwezo, thabwa limabwerera mmene linalili poyamba, ulendo n'kuyambiranso.

Apa ndi pomwe bawo akukhudza funso lakalekale: kodi masamu anthu anachita kuwapanga, kapena anawapeza ali kale m'chilengedwe? Galileo mu 1623 ankati chilengedwe chimamveka kwa yekhayo wodziwa masamu. Eugene Wigner mu 1960 anadabwa kuti masamu opekedwa m'mutu amagwirizana ndendende ndi zochitika zenizeni. Max Tegmark, m'buku lake la 2014, anafika ponena kuti chilengedwe chenichenicho ndi masamu, ndipo asayansi ambiri amamutsutsa.

Thabwa silingagamule mlandu wa nyenyezi, koma umboni wake ndi wofunika kuumva. Malamulo a bawo anapangidwa ndi anthu, n'chifukwa chake a ku Zanzibar ndi a ku Malawi amasiyana apa ndi apo. Koma kutakata kosatha kuja palibe anakuikamo. Kunalimo kale kuyambira pamene anthu anagwirizana malamulowo, m'mathabwa omwe ankaseweredwa kwa Mponda kompyuta isanaganiziridwe n'komwe. Izi sizikutsimikiza maganizo a Tegmark, chifukwa bawo ndi dziko laling'ono lomwe malamulo ake onse ndi odziwika, pomwe mwera wa panyanja ndi kusamuka kwa usipa sizinafike podziwika chomwecho.