Ana a mu Kabwe, dothi la mtovu ndi thengo la Mulungushi

Akatswiri a zamaphunziro ndi a zaumoyo amagwirizana pa mfundo yakuti mwana wokulira m'tauni afunika nthawi yokhala panja, kukwera mitengo, kukhudza nthaka ndi kudziwa maina a mbalame zimene amaona. Mu mzinda wa Kabwe, likulu la cigawo ca Pakati, uphungu umenewu sungaperekedwe mosasamala, pakuti m'makomboni ena dothi limene ana amaseweramo ndilo limawadwalitsa. Motero nchito yozoloweretsa ana a mu Kabwe ku cilengedwe imayamba ndi kusankha malo amene ali abwino kwa iwo, ndipo dera la mtsinje wa Mulungushi ndi limodzi mwa malo otere omwe ali pafupi.

Mzinda wobadwa ndi mgodi

Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalopa m'caka ca 1902, ndipo njanji inafika mu 1906. Mzindawu unali kuchedwa Broken Hill kufikira mu 1966. Eni nthaka ndi Alenje, koma mgodi, likulu la kampani ya njanji ndi makampu a asilikali zinasonkhanitsa Abemba, Alala, Aswaka, Anyanja, Atonga, Alozi ndi ena ambiri. Kalembera wa 2010 anapeza anthu oposa 200,000 m'boma la Kabwe. Ana a m'mabanja amenewa amakumana m'kalasi imodzi, koma amabwerera ku malo osiyana kwambiri: wina ku Highridge kumene kuli mabwalo a kapinga ndi mitengo ya mthunzi, wina ku Makululu, imodzi mwa makomboni aakulu koposa m'dziko lino, kumene nyumba n'zothithikana ndipo bwalo losewerera ndi mseu wafumbi.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma unasiya milu ya zinyalala za miyala, kuphatikizapo mulu wakuda umene anthu amaucha Black Mountain. Fumbi la mtovu linafalikira kwa zaka zambiri m'makomboni oyandikira monga Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo limauluka kwambiri m'miyezi ya cilimwe pamene mphepo iomba pa nthaka youma. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungachedwe wabwino, ndiponso kuti thupi la mwana wamng'ono limatenga mtovu wowirikiza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Mtovu umaononga ubongo umene ukali kukula. Mwana amavutika kugwira maphunziro, ndipo zambiri mwa zoonongekazo sizibwezeka. Umalowa m'njira wamba: kamwana kokwawa pabwalo kaika zala m'kamwa, mnyamata womenya mpira wa mapepala apuma fumbi.

Bungwe la Blacksmith Institute, limene tsopano likuchedwa Pure Earth, linaika Kabwe pa mndandanda wa malo khumi oipitsidwa koposa padziko mu 2006, mu 2007 ndi mu 2013. Mu Disembala 2016 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yoyeretsera malo a migodi m'Zambia, ndipo gawo la ndalamazo linapita ku kuyeza ndi kuciza ana a mu Kabwe. Mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti losonyeza kuti ana ambiri anali akali pangozi.

Zimene Mulungushi ali nazo

Mtsinje wa Mulungushi umadutsa kumpoto ndi kum'mawa kwa mzinda, kutali ndi milu ya mgodi, usanakathire mu Lunsemfwa. Pa mtunda wa makilomita oposa 20 kumpoto, pafupi ndi mseu wa Great North Road, pali thanthwe lodziwika la Mulungushi Rock of Authority, pamene cipani ca UNIP cinasonkhana kutali ndi maso a boma la atsamunda, ndi pamene Dr Kenneth Kaunda analengeza kusintha kwa zacuma mu Epulo 1968. Pafupi pomwepo pali sukulu ya ukacenjede ya Mulungushi University, imene inakhazikitsidwa mu 2008. Ana a sukulu amadziwa dzina la thanthweli cifukwa ca mayeso a mbiri yakale. N'zomvetsa cisoni kuti thengo lolizungulira silichulidwa kawirikawiri, pamene ndilo lingawaphunzitse zambiri.

Thengolo ndi la miombo, la mitengo monga mutondo ndi musamba. Cakumapeto kwa cilimwe, mvula isanagwe, mitengoyi imatulutsa masamba atsopano ofiirira amene pambuyo pake amasanduka obiriwira. Mvula ikayamba, pansi pake pamamera bowa, masuku amapsa, ndipo finkubala zimaoneka pa masamba. Zonsezi mwana wa mu Kabwe amazidziwa kale, koma amazidziwa zili pa thebulo la pamsika, zoyezedwa m'kambale. Kuona bowa ali pansi pa mtengo wake kumamuonetsa cimene buku limacedwa kufotokoza: bowa wa m'miombo amadalira mizu ya mitengoyo, ndipo mitengo ikatha kudulidwa bowa nayenso amasowa.

Apa kusiyana kwa mitundu kumakhala kothandiza. Cimene mwana wa Cinyanja amacicha finkubala, mnzake wa Cibemba amati ifishimu. Mkuyu wa uyu ndi mukuyu wa uyo. Mphunzitsi amene afunsa gulu la ana dzina la mtengo umodzi angalandire maina atatu kapena anayi, pamodzi ndi zimene agogo a mwana aliyense ananena za nchito yake. Mwana wa m'komboni amene m'kalasi amakhala cete cifukwa ca Cingelezi nthawi zina ndiye amadziwa zambiri za m'thengo.

Kum'mwera cakum'mawa, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kuli damu la Mulungushi limene linatsegulidwa mu 1925 kuti lipereke magetsi ku mgodi wa Broken Hill. Kumadzulo kwa mzinda kuli dambo la Lukanga, la mahekitala 260,000, limene linalembedwa mu 2005 pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa pangano la Ramsar.

Makalabu a Chongololo

Njira yofikitsira ana ku malo otere si yacilendo m'Zambia. Bungwe la Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia, limene linayamba mu 1953 ndi dzina lina, linakhazikitsa makalabu a Chongololo m'masukulu a pulayimale kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pambuyo pake makalabu a Chipembele a ana okulirapo. Pulogalamu ya pa wailesi ya Chongololo Club of the Air inayamba kumveka cakumapeto kwa zaka zomwezo, ndipo akuluakulu ambiri a lero anakula akuimvetsera. Dzinalo linasankhidwa mwanzeru. Bongololo si njovu kapena mkango wofuna ulendo wa ku paki ya Kafue kuti uoneke. Ndi kacilombo kamene mwana aliyense amakapeza pakhomo mvula ikagwa. Kalabu yotere imafuna mphunzitsi mmodzi wodzipereka ndi ana ofuna kudziwa.

Cobvuta cacikulu ndi ndalama za ulendo. Makilomita 20 ndi ocepa kwa banja lokhala ndi galimoto, koma kwa kholo la ku Makululu lodalira maganyu, mtengo wa minibasi umapikisana ndi wa unga. Ulendo umene mwana aliyense adzilipirira yekha umasiya m'mbuyo ana omwewo amene akukhala pa dothi loipa koposa. Palinso za citetezo: madzi a m'mitsinje ndi m'madamu angakhale ndi ng'ona kapena tizilombo ta likodzo, motero ana sayenera kusambiramo popanda anthu odziwa malowo. Ndipo thengo lenilenilo likucepa. Ziwerengero zimene boma lakhala likuchula zimasonyeza kuti Zambia imataya mahekitala pakati pa 250,000 ndi 300,000 a nkhalango caka ciliconse, ndipo matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa Great North Road ndi umboni umene ana amauona ali m'basi.

Ulendo wa tsiku limodzi sucotsa mtovu m'magazi a mwana, pakuti madzulo amabwerera kubwalo lomwe lija. N'cifukwa cake nchito ina iyenera kucitikira pakhomo ndi pasukulu. Azaumoyo amalangiza kuphimba dothi loonekera ndi kapinga kapena dothi labwino locokera kwina, kukolopa m'nyumba m'malo mosesa pouma, kusambitsa ana m'manja asanadye, ndi kuwapatsa zakudya zolimbitsa mafupa ndi magazi monga kapenta, mkaka ndi nyemba. Nyengo yobzala mitengo ya dziko lonse, imene imayamba pa 15 Disembala, imagwirizana ndi mvula imene kapinga amafuna kuti agwire.

Pakati pa mzinda pali mkuyu waukulu wochedwa Big Tree, umene ndi cipilala ca dziko ndipo unali malo okumanirana m'masiku oyambirira a Broken Hill. Mitengo ya mkuyu ndiyo imasunganso mbalame yoyera yochedwa Chaplin's barbet, imene imapezeka m'Zambia mokha. Imaboola zisa m'nthambi zouma za mikuyu, ndipo limodzi mwa madera amene imaoneka ndi Chisamba, pakati pa Kabwe ndi Lusaka.