Dzina la malonda, ndi mbuzi ya ku Tete

Pa wailesi ndimalengeza malonda a anthu, ndipo kangapo ndaona ogulitsa awiri akulimbirana dzina limodzi la sitolo. Aliyense amati ndinayamba ndine. Koma lamulo limayang'ana amene anayamba kulembetsa.

Lamulo limeneli si lakale. Moçambique analandira ufulu mu 1975, koma malamulo akeake oteteza maina ndi zizindikiro za malonda anafika mu 1999. Anawakonzanso mu 2006 ndi mu 2015. Dzina limalembetsedwa ku IPI, Instituto da Propriedade Industrial, ndipo limatetezedwa zaka 10. Pakatha zaka zisanu mwiniwake ayenera kudziwitsa IPI kuti akufunabe kuligwiritsa nchito. Apa ambiri amagona.

Comwe cimandikondweretsa ine ndi Cabrito de Tete. Mbuzi zathu zodya masawu ndi malambe zinachuka mpaka ku Maputo, ena n'kumagulitsa nyama ya kwina m'dzina lathu. Tsopano dzinali linalembetsedwa monga cizindikiro ca dera, coyamba m'dziko lino. Dzinali ndi la oweta a ku Tete pamodzi, osati la munthu mmodzi. Cotsala n'cakuti mayi wowocha nyama pamseu adziwe kuti nayenso limamukhudza.