Alexander Hamilton: Phungu Amene Anagonja Kuti Adzapambane

Abale ndi alongo amene muli ku America, nkhope imene ili pa ndalama yapepala ya madola 10 mumaiona tsiku ndi tsiku. Mwiniwake, Alexander Hamilton, naye anafika m'dzikolo ali mlendo.

Hamilton anabadwira pa chilumba cha Nevis ku Caribbean. Bambo ake anathawa banja, ndipo mayi ake anamwalira mu 1768 iye akali mnyamata. Anakulira pa chilumba cha St Croix, kumene ankagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ya zamalonda, mpaka anthu akufuna kwabwino anasonkha ndalama zomutumizira kusukulu ku America. Pa nkhondo yomenyera ufulu wa dzikolo anali mlembi wodalirika wa George Washington.

Nkhondo itatha anakhala loya, ndipo mu 1784 anali mmodzi wa anthu amene anayambitsa Bank of New York. Malamulo oyendetsera bankiyo analemba ndi iye. Koma aphungu a chigawo cha New York, makamaka oimira alimi akumidzi, sankakhulupirira mabanki, kotero bankiyo inagwira ntchito popanda chikalata cha boma kufikira 1791.

M'nyumba ya malamulo yomweyi ndi mmene Hamilton analowa ngati phungu mu 1787. Nthawi imeneyo boma lalikulu la America linalibe mphamvu zokhometsa msonkho, chonsecho linali ndi ngongole zambiri za nkhondo. Linapempha zigawo zonse 13 kuti zililole kutolera msonkho wa 5 peresenti pa katundu wolowa m'dziko, koma New York, imene inkapindula kwambiri ndi doko lake, inaika mfundo zimene boma lalikulu silikanavomera. Monga munthu wodziwa za banki, Hamilton anaona kuti dziko losabweza ngongole palibe adzalikongozenso. Anachonderera aphungu anzake mu February 1787, koma otsatira a Bwanamkubwa George Clinton anamugonjetsa pa voti.

Kugonjako sikunamufooketse. Nyumbayo inamusankha kukhala mmodzi wa nthumwi zitatu zopita ku msonkhano wa ku Philadelphia, koma anzake awiri, Robert Yates ndi John Lansing, anali a mbali ya Clinton ndipo anachoka msonkhano usanathe. Pa 17 September 1787 Hamilton yekha ndi amene anasainira New York malamulo atsopano a dziko, omwe anapatsa boma lalikulu mphamvu zija za msonkho. Pofuna kukopa anthu, analemba zambiri mwa nkhani 85 zotchedwa The Federalist, ndipo mu July 1788 New York inavomera ndi mavoti 30 kwa 27.

Kuyambira 1789 mpaka 1795 anali nduna yoyamba ya zachuma. Anachititsa boma lalikulu kusenza ngongole za nkhondo za zigawo, nakhazikitsa banki ya dziko mu 1791. Anamwalira pa 12 July 1804, ataomberedwa ndi Aaron Burr, mdani wake pa ndale, pa mpikisano wa mfuti ku Weehawken.

Uphungu wa Hamilton ku New York unali wa chaka chimodzi chokha, ndipo mfundo yake yaikulu inakanidwa. Komatu fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika: iye sanaumirire pa khomo lotsekeka, anakafuna lina. Ife okhala kwa eni, pogwira madola 10 aja, tizikumbukira kuti mwana wamasiye wochokera kutsidya la nyanja ndi amene anayala maziko a chuma cha dzikolo.